Disiketi ya Lachisanu

Amene munagwirako ntchito mu ofesi zaka za m'ma 2000 mukukumbukira kaphokoso ka drive ya floppy, kachipangizo ka pa kompyuta kowerenga ndi kulemba madisiketi. Ukakankhira disiketi mkati imati khethe, kanyali kobiriwira n'kuyaka, kenako m'katimo n'kumamveka ngati mbewa ikukukuta chitsononkho. Ine kaphokoso kameneko ndinakamva Lachisanu lililonse kwa zaka zisanu. Kakamveka ndinkadziwa kuti sabata yatha bwino, nditha kutseka chitseko n'kupalasa njinga yanga kupita kunyumba.

Lachisanu lina mu February 2012 sikanamveke. Kanyali kanayaka, m'katimo munangoti go, go, go, kenako zii. Pasikirini panabwera uthenga woti disiketi ili mu A:, lomwe ndi dzina la drive-yo, sikuwerengeka, kodi ndikufuna kuifomata, kutanthauza kuifufuta n'kuikonza mwatsopano? Ndinaitulutsa, n'kuiuzira ngati mmene timauzirira mtedza wokazinga, n'kuilowetsanso. Chimodzimodzi. Ndinatenga ina yatsopano, yosatsegula. Chimodzimodzinso. Pofika yachinayi ndinavomereza kuti vuto si madisiketi.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku bungwe lina laling'ono la alimi pa boma la Kasungu, dzina lake tilisiye. Tinkabwereketsa feteleza ndi mbewu ku makalabu a ku Chamama, Santhe, Chulu, Wimbe, mpaka cha ku Nkhamenya, alimi n'kumabweza akagulitsa fodya. Pa kalata yondilemba ntchito panalembedwa kuti ndine kalaliki, koma chifukwa ndinali ndi kasatifiketi ka maphunziro a kompyuta a miyezi itatu, ndinasanduka wa makompyuta wa ofesi yonse. M'maofesi ang'onoang'ono zimatero. Amene wadziwa kusintha inki mu printer ndiye injiniya basi.

Drive ija inali pa seva yathu, kompyuta yosunga mafayilo a ofesi yonse. Sevayo inali chibokosi chotuwa chokhala pansi pa tebulo, m'kachipinda komwe kale kanali kosungiramo matumba. Fungo la feteleza linali lisanathe m'zipupa. Inabwera ndi pulojekiti ina mu 2006, ili ndi Windows Server 2003, ndipo makompyuta asanu a mu ofesimo ankatenga mafayilo awo pamenepo. Pulojekiti itatha, munthu amene anailumikiza anasiya pepala pakhoma, lomata ndi selotepi, lofotokoza zoti tizichita Lachisanu lililonse. Ine nditayamba ntchito mu 2007 ndinalipeza pomwepo, ndipo ndinalitsatira ngati katekisimu.

Pepalalo linkati utsegule pulogalamu ya ntbackup, usankhe chotchedwa Automated System Recovery, mwachidule ASR, uuze makina kuti fayilo ya backup, kope yobwezeretsera zinthu zikaonongeka, ikakhale pa hard disk (chosungiramo mafayilo) yachiwiri ya m'bokosi momwemo, yomwe inali E:, kenako udikire. Ikamaliza, imapempha disiketi ya 1.44 MB. Pa disiketiyo imalembapo timafayilo ting'onoting'ono, asr.sif ndi asrpnp.sif, tofotokoza mmene ma hard disk a makinawo anagawidwira ndi zipangizo zimene zili m'katimo. Tsiku loti seva yafa, umaiyatsa ndi CD ya Windows, n'kudina F2, iyo n'kufunsa disiketi ija, n'kuyamba kudzimanganso yokha. Popanda disiketi, njira imeneyo ndi yotseka. Chifayilo chachikulu cha magigabayiti angapo chinkadalira kanthu kapulasitiki kolowa m'thumba la malaya.

Madzulo omwewo ndinatenga sikuludiraiva n'kutsegula chibokosicho. Amene mumakhala ku Kasungu mukulidziwa fumbi la mu September ndi October, lija lolowa ndi m'mano momwe. Linali m'menemo la zaka zisanu ndi chimodzi, litagwirana ngati thonje pa fani. Mu drive ya floppy ndinapezamo ulusi wa kangaude ndi zitosi za mphemvu. Kusiyana ndi hard disk, yomwe ndi yotsekedwa, drive ya floppy ili ndi kakhomo kotsegukira panja, ndipo timitu take towerengera timakhudzadi kambale kofewa ka m'kati mwa disiketi kakamazungulira maulendo 300 pa mphindi. Kamchenga kamodzi kakalowa, kamakanda disiketi iliyonse imene waikamo. Ndinakulunga thonje pa kamtengo ka machesi, n'kuviika mu spiriti, n'kupukuta timituto mosamala. Pobwezera ndinalumikiza chingwe chake chathyathyathya chija, cha mapini 34, chozondoka, ndipo kanyali kanangoyaka osazima. Ndinasangalala kwa mphindi ziwiri poganiza kuti ndachiza. Kenako ndinakumbukira kuti mzere wofiira wa pachingwe umayenera kuyang'ana pini yoyamba. Nditakonza, drive inabwerera ku go, go, go wake uja.

Loweruka m'mawa ndinazungulira mashopu a pa boma. Kwa okonza mafoni, kwa ogulitsa zolembera, kwa anyamata obena nyimbo pafupi ndi depoti. Mmodzi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato n'kunena kuti, "Achimwene, zimenezo zinapita ndi Kamuzu." Ku Kasungu nthabwala imeneyi imapweteka pang'ono, koma sananame kwambiri. Kampani ya Sony, imene inayambitsa disiketi ya mainchesi atatu ndi theka, inali itasiya kuwapanga mu 2011. Apple inali itachotsa kale drive ya floppy pa iMac mu 1998. Ife tinali tikugulabe madisiketi otsalira m'mashelefu.

Kupita ku Lilongwe kukafuna ina sichinali chinthu chongodzukira. Amene mukukumbukira 2011 ndi kumayambiriro kwa 2012 mukudziwa mmene zinalili: mizere ya magalimoto pa filling station ikugona pomwepo, mafuta a m'zigubu akugulitsidwa mtengo wa nkhanza, ndalama zakunja kulibe, katundu m'mashopu akuchepa. Minibasi ya pa M1 inkakwera mtengo m'mawa ndi madzulo. Ndipo ngakhale hard disk inali itakwera mtengo padziko lonse chifukwa cha madzi osefukira a ku Thailand kumapeto kwa 2011, amene anamiza mafakitale ambiri opanga zinthu zimenezi. Mvula yagwa ku Bangkok, matope tikuponda ife ku Kasungu.

Ndinaimbira msuweni wanga amene ankagwira ntchito ya makompyuta ku Lilongwe. Poyamba anandiseka, monga amachitira asuweni.

"Iwe, ukadali ndi floppy? Galimoto ya abwana ako ndi ngolo kapena?"

Atatha kuseka anandiuza chinthu chothandiza. Timafayilo tiwiri tija sitikhala pa disiketi pokha. Windows imatisiyanso mu foda yotchedwa repair, m'kati mwa foda ya Windows, ndipo timalowanso m'chifayilo chachikulu cha backup. Utha kutikopera kudzera pa netiweki kupita pa kompyuta ina iliyonse yokhala ndi drive yamoyo, n'kulemba disiketi kumeneko. Anandichenjeza kuti tsiku lobwezeretsa seva ndidzafunabe drive yogwira ntchito pa sevayo, koma pakadali pano ndisade nkhawa, backup yanga siinaonongeke.

"Tsegula fayilo ya backup-yo uone, utipeza momwemo," anatero, mayunitsi anga n'kutha.

Ndinabwerera ku ofesi masana omwewo. Ndinatsegula ntbackup, n'kupita mbali yobwezeretsa, yomwe pa zaka zisanu zonsezo ndinali ndisanadinepo ngakhale kamodzi. Inaonetsa zimene zinali m'chifayilocho. Panali C:. Panali System State, zoikika za Windows yeniyeniyo. Ndinatsitsa kuti ndione zina. Panalibe zina.

Hard disk yoyamba ya sevayo inagawidwa pawiri, C: ndi D:. Windows inkakhala pa C:. Database, kaundula wathu wa mu pulogalamu ya Access, yokhala ndi mayina a makalabu onse, mlimi aliyense, matumba amene anatenga, zimene anabweza ndi zimene zinatsala, inkakhala pa D:, pamodzi ndi mafayilo a Excel a amayi a ku akaunti ndi makalata onse a ofesi. ASR ntchito yake ndi kusunga Windows ndi gawo la disk limene Windows ikukhalapo. Magawo ena okhala ndi mafayilo a anthu siiwakhudza, ndipo zimenezi zinalembedwa poyera pa sikirini yomwe ndinkadina Next Lachisanu lililonse osawerenga. Kwa zaka zisanu ndinkamata nkhokwe, kuifolera bwinobwino, chimanga chili pabwalo.

Ndinakhala pampando nthawi yaitali. Kenako maso anga anapita pa pepala la pakhoma lija. Pansi pake, pakona, panalembedwa nambala 1. M'munsi mwa pepalalo, pakhoma, panali timabala tinayi tachikasu pomwe panali selotepi kale. Tsamba lachiwiri linagwa ine ndisanabwere, ndipo wosesa analitaya kapena kuyatsira mbaula.

Kuti mumvetse chifukwa chimene thukuta linandiyambira kumsana, February ndi nthawi imene fodya akulowa m'zigafa. Msika umatsegulidwa cha mu April, ndipo mabelo akayamba kupita ku Chinkhoma ndi ku Kanengo, ofesi ngati yathu imakhala pa mpanipani wofananitsa ndalama zimene kalabu yapeza ndi ngongole imene ili nayo. Mabuku akuluakulu olemba pamanja tinali titawasiya mu 2008 ponena kuti zonse zili mu kompyuta. Malisiti analipo, inde, m'makatoni, ena atalawidwa ndi chiswe. Disk ija ikanafa, tikanakhala tikukangana ndi alimi mazana angapo za matumba a feteleza, aliyense akukumbukira nambala yomukomera. Ndipo amene akanaluza kwambiri si ochenjera ayi, koma mayi amene anabweza kale ngongole yake yonse koma lisiti lake linanyowa ndi mvula.

Ndinayamba kukopera D: nthawi yomweyo. Mwayi wake linali Loweruka, panalibe amene anatsegula database, chifukwa kukopera fayilo ya Access wina akulembamo kumatha kukupatsa chinthu chosatseguka. Ndili pakati, magetsi anathima. UPS, kabokosi kosungira seva magetsi, inalira ngati mwanapiye kwa mphindi ziwiri n'kuzima, batire yake inali itatha kalekale. Jenereta inalipo koma petulo munalibe. Ndinakhala pakhonde ndi madala amene ankalondera usiku, tikudya chimanga chootcha, ndikuwafotokozera vuto langa mmene ndikanathera.

Anamvetsera, kenako anafunsa kuti, "Ndiye zosungazo mumaika kuti, mwana wanga?"

Ndinati pa disk ina.

"Ili kuti?"

Ndinati m'bokosi momwemo.

Anatafuna kaye. "Akuba akabwera kuno amatsegula bokosi n'kusankha? Ine ndimaona amanyamula chonse."

Ndinalibe yankho. Mphenzi nayonso siisankha, ndipo tinali m'kati mwa dzinja.

Magetsi anabwera cha m'ma 10 koloko usiku. Ndinali nditabwereka hard disk yakunja kwa mnyamata wina wobena mafilimu, ndipo ndinayesa kuikapo chifayilo chachikulu cha ASR chija. Inakana, ikuti malo palibe, pamene malo analipo ambiri. Disk yakeyo inakonzedwa m'njira yotchedwa FAT32, yomwe siilandira fayilo imodzi yopitirira 4 GB. Kuisintha kukhala NTFS, njira yolandira mafayilo akuluakulu, n'kosavuta, lamulo limodzi la convert basi, koma ndiye kuti DVD player yake ikanasiya kuiwerenga, ndipo khasu lobwereka silichedwa kuthyoka. Ndinaisiya. Ndinayang'ana kukula kwa zinthu zofunikadi za pa D:, nditachotsa nyimbo zauzimu ndi zithunzi za ukwati zimene anzanga anabisa m'menemo. Zonse pamodzi sizinafike 600 MB. Mbiri yonse ya ngongole za makalabu athu kuyambira 2006 inakwana pa CD imodzi ya 700 MB, ya mtengo wochepa kuposa nsima ya pa chiimilire. Pulogalamu ya ntbackup siilemba pa CD mwachindunji, choncho ndinakokera mafayilowo pa kompyuta ya sekilitale, yomwe inali ndi chobenera, n'kubena ma CD awiri. Imodzi ndinasiya mu kabati, ina ndinaika m'kati mwa malaya n'kupalasa nayo mumdima.

Lamulungu lonse ndinkalimbana ndi maganizo oti ndingokhala chete. Zinthu zinali zitakonzeka, palibe chinatayika, ndani akanadziwa? Koma ndinkafuna ndalama ya hard disk ndi batire ya UPS, ndipo ndalama imeneyo sukanaipempha osanena chifukwa. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Lolemba m'mawa ndinagogoda kwa a manejala.

"Bwana, pali nkhani ya seva."

Ndinafotokoza zonse, za tsamba lachiwiri ndi zina. Sanakalipe. Anavula magalasi n'kufunsa funso limodzi lomwe ndinkaliopa: "Ndiye madisiketi tinkagula zaka zonsezi aja anali a chiyani?" Ndinati anali osungira makina, osati zolemba za alimi. Anati makinawo ngakhale atapsa sangalire, chifukwa sanagule ndi iwo.

Amene anandigwira pakhosi anali amayi a ku akaunti. Iwo sakhulupirira ndalama imene sanaiwerenge ndi zala zawo, ndipo CD yanga anaiyang'ana chimodzimodzi.

"Achimwene, mwati zonse zili umu? Kazimitseni chibokosi chanucho, mundionetse pa kompyuta yanga."

Ndinazimitsa seva, ofesi yonse n'kuima, anthu atazungulira tebulo lawo. Ndinakopera mafayilo kuchoka pa CD, n'kutsegula database. Inatseguka koma inakana kulemba chilichonse, chifukwa mafayilo ochoka pa CD aja anabwera ndi chizindikiro cha read-only, chololeza kuwerenga kokha. Ndinachichotsa. Kenako mafomu anayamba kudandaula kuti sakupeza matebulo. Database yathu inali ya zigawo ziwiri, chimodzi cha mafomu, china cha zolemba zenizenizo, ndipo cha mafomucho chinkafunafunabe chinzake pa seva imene inali yozima. Zinanditengera pafupifupi ola, manja akunjenjemera, kuti ndipeze Linked Table Manager, chida cha mu Access cholumikizira zigawo ziwirizo, n'kuchilozera malo atsopano. Zikanakhala kuti tsiku limenelo seva yapsadi, alimi ali pamzere panja, sindikhulupirira kuti mutu wanga ukanagwira.

Itatseguka, amayiwo sanayamikire. Anatsegula diloo, n'kutulutsa buku la malisiti, n'kusankha kalabu ina ya ku Chamama.

"Awa anabweza zingati mu June chaka chatha?"

Ndinawerenga pa sikirini. Anayang'ana pa lisiti. Anasankha ina ya ku Santhe, kenako ina. Atafika yachisanu anatseka bukulo n'kunena kuti, "Chabwino. Mwezi uliwonse tizichita chonchi." Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Kwa amayi aja CD yosayesedwa inali fodya wa pachala.

Drive ya floppy ndinaipeza patapita sabata ziwiri, pa kashopu kotaipa makalata ndi kujambula mapepala, mu kompyuta yakufa imene ankaikapo ketulo. Mwini wake sanafune ndalama, anangoti ndimuchotsere mavairasi a pa fulashi amene ankasandutsa mafoda a makasitomala ake kukhala ma shortcut. Nditaimanga pa seva, mbewa ija inayambanso kukukuta. Ndinatenga kabokosi ka madisiketi onse a Lachisanu n'kuyamba kuwayesa imodziimodzi. Analipo 43. Amene anawerengeka anali 11. Ena anali ndi nkhungu yooneka ndi maso ukakankha kachitsulo ka pamwamba, ena anali ndi mzere wozungulira wokandidwa ndi drive yakale ija. Kutanthauza kuti ngakhale gawo limene ndinkaganiza kuti ndikulichita bwino linali lowola pang'onopang'ono.

ASR sindinaisiye, ndinangoichepetsa kukhala kamodzi pa mwezi. Kuiyesa mpaka kumapeto sitinathe, chifukwa pamafunika makina ena ofanana ndi sevayo ndipo ife tinali ndi imodzi yokhayo. Ndinavomereza mumtima kuti ikadzafa, ndidzangoikamo Windows mwatsopano, tsiku limodzi kapena awiri, bola zolemba za alimi zilipo. Chimene ndinalimbikira ndi D:. Ndinalemba kafayilo ka malamulo (batch) ka mizere inayi kogwiritsa ntchito lamulo lokopera la xcopy, n'kukaika mu Scheduled Tasks, mbali ya Windows yoyambitsa ntchito yokha pa nthawi yake, kuti tsiku lililonse nthawi yoweruka kazikopera zonse kupita pa E:. Lachisanu ndinkabena CD n'kulembapo deti ndi cholembera chosafufutika. Hard disk yakunja a manejala anavomera kugula mu April, ndipo tinachita mwayi, chifukwa pa 7 May 2012 kwacha inagwetsedwa kuchoka pa 168 kufika cha m'ma 250 pa dola imodzi, mitengo ya zinthu zotere n'kuuluka. Disk imeneyo inkagona kunyumba kwa amayi a ku akaunti. Ankaikulunga m'kachidutswa ka chitenje n'kuiika m'chikwama, pakati pa Baibulo ndi ambulera, ndipo palibe amene ankaloledwa kuikapo nyimbo.

Wina afunsa kuti bwanji osangoika pa intaneti. Google Drive, malo osungira mafayilo pa intaneti, inayamba mu April chaka chomwecho, koma ife intaneti yathu inali ya dongle imodzi, yomwe inkagwira bwino ukaipachika pa zenera loyang'ana ku phiri la Kasungu, ndipo 600 MB inali nkhani ya usiku wonse ndi mayunitsi a mwezi wathunthu. Lero zimenezo zinapepuka, ndipo ndikanakhala pa ntchito ija ndikanaikadi kope ina kumeneko. Komabe ndikamaona mabanki a m'mudzi ndi makopaletivu akusunga zolemba zawo zonse mu foni imodzi ya mlembi, ndikafunsa n'kundiyankha kuti "zili pa WhatsApp", ndimafunsanso ngati anayesapo kuzitsegula pa foni ya munthu wina. Ambiri amandiyang'ana mmene anandiyang'anira mnyamata wa pa depoti uja.

Sevayo inagwira ntchito mpaka 2015, chaka chimene Microsoft inasiya kusamalira Windows Server 2003, ndipo siinafe n'komwe, tinangoipumitsa. Mu 2024 ndinawerenga kuti boma la Japan langomaliza kumene kuchotsa malamulo ofuna kuti anthu azipereka zikalata pa floppy, ndipo ndinatumizira msuweni wanga uja nkhaniyo kuti aone kuti ngolo sinali ku Kasungu kokha.

Madisiketi 43 aja ndinafuna kuwataya, koma a manejala anakana. Wina anali atawalemba m'buku la katundu wa bungwe, pamzere umodzi ndi mipando ndi sikelo ya fodya, ndipo kuchotsa chinthu m'buku limenelo kunkafuna msonkhano wa komiti. Chaka chilichonse owerengera chuma akabwera, ndinkatulutsa kabokosi kaja, iwo n'kuwerenga imodziimodzi mpaka 43, n'kuchonga. Pamene ndinkachoka pa ntchitoyo ndinakapereka kwa mnyamata amene analowa m'malo mwanga, ndipo anasainira.